Madzi a M'siling'i ya Amayi

3 Malichi

Achemwali,

Landirani moni kuchokera kwa ine mlongo wanu ndi alamu anu. Moyo uli bwanji kozizirako? Nkhalamba mumazisamalira zija zikukutukwananibe mukamazisambitsa? Kuno tonse tili moyo, ndipo mawu oti "tili moyo" muwagwire bwino, chifukwa zotsatirazi zikufuna munthu atakhala pansi.

Nyumba yanu yasamba. Sindikunena kunja ayi, yasamba m'kati. Lamulungu lapitali Amayi ali kutchalitchi, giza ija munati tiike m'siling'i kuti azisamba madzi otentha ngati mabwana inaphulika. Madzi anadzaza pamwamba pa chipinda chawo, siling'i inatupa ngati mimba yotsala pang'ono, kenako phu! inabereka. Amayi pobwera anapeza nsapato zawo zikuwachingamira pakhomo, zikuyandama.

Matilesi amwa madzi mpaka anthu awiri kulephera kuwanyamula. Kapeti ya pabalaza ukaiponda ikulira. Wadiropu yatupa, zitseko zake zakana kuonana. Makoma ali mawanga okhaokha, ndipo ukayatsa getsi la kuchipinda likumathetheka.

Koma musakomoke. Ndinatenga mapepala aja munandisungitsa n'kupita ku ofesi ya inshuwalansi, komwe mumalipira mwezi ndi mwezi kuja. Paja ine ndinkati mukutaya ndalama m'chimbudzi. Lero ndabweza mawu anga, munaganiza bwino. Andilembetsa zonse, ndipo akuti atumiza munthu wawo kudzaona zowonongeka asanalipire.

Wokonza mapaipi watseka madzi ndi kutsitsa gizayo. Kungoti m'mawa uliwonse akumabwera ku shopu kwanga kudzandifunsa ngati ndadzuka bwino. Munthu ameneyu kale sankasamala za thanzi langa. Tumizani kangachepe ndimuchotse pakhomo.

Amayi sakulira matilesi, sakulira wadiropu. Nyimbo yawo ndi imodzi: "Mwana wanga akubwera Ogasiti kudzagona koyamba m'nyumba imene anamanga ndi thukuta lake, ndiye adzaipeze chonchi?" Ndawauza kuti pofika Ogasiti zonse zidzakhala mbee.

Ndatha ine mlongo wanu,
Bulashi
(wolemba zikwangwani wotchuka, ngakhale inu simuvomereza)

15 Malichi

Bulashi mlongo wanga,

Kalata yako ndailandira dzulo pochokera ku ntchito, ndipo ndinaiwerenga chiimire, jekete ndisanavule. Ndathokoza Mulungu kuti Amayi sanali m'chipindamo. Uwapatse moni, ndi mlamu wanga yemwe. Ine ndili bwino, kungoti mapazi akumatupa ndi kuimirira.

Tsopano tsegula makutu onse awiri. MUSAKHUDZE KANTHU. A inshuwalansi salipira zimene wawauza, amalipira zimene aona ndi maso awo. Matilesi anunkhe. Kapeti iwole. Dzenje la m'siling'i likhale kukamwa yasa mpaka munthu wawoyo atafika. Jambula zithunzi za chipinda chilichonse. Giza yophulikayo uisunge ngati khanda, ndiyo mboni yathu yaikulu. Amayi akagone kwanu masiku amenewa.

Ndikuwadziwa Amayi. Akangomva kuti kukubwera mlendo, ngakhale akhale wodzawerenga mita ya madzi, amayamba kuchapa makatani. Tenga tsache, mopu, ndowa ndi sopo yense, ukatsekere ku shopu kwako. Akakutukwana pirira, sunayambe lero kutukwanidwa.

Ndikuuze zoona kuti udziwe kulemera kwake. Ndalama zimene ndili nazo ndi za tikiti ya ndege basi. Ndazisonkha pang'onopang'ono ndikutembenuza agogo a eni ake pabedi. A inshuwalansi akakana kulipira, ndalama zomwezo ndizo zikonze nyumba, ndipo Ogasiti sindibwera. Chichokereni pamaliro a Abambo sindinawaonenso Amayi. Ndatopa kuwaonera pa chithunzi, Bulashi. Ndikufuna ndikhale nawo pakhonde, andinene kuti ndaonda.

Za wokonza mapaipi ndatumiza. Ndi zake zimenezo, osati zogulira penti ya makasitomala ako.

Ndine mlongo wako wamkulu,
amene anakubereka kumsana

17 Malichi

Mwana wanga wachisamba,

Ndine mayi ako, ndikulemba ndi dzanja langa. Ukaona mizere ikutsetsereka usadabwe, magalasi anga anapita ndi madzi. Uli bwanji kumeneko? Ukudya? Pa chithunzi chomaliza chija khosi linali lalitali kwambiri, sindinakondwe nalo. Kalata yako sindinaione chiyambireni chaka, kaya uli bwino.

Mlongo wako wakuuza kale za madzi. Usadandaule, manyazi tawapewa. Atangonena kuti kukubwera bwana wa ku inshuwalansi, ndinati, munthu wa tayi adzalowe m'nyumba ya mwana wanga ikununkha ngati thawulo loiwalika m'ndowa? Ine amene ndinayala mabedi ku hotela mpaka msana kupindika, oyang'anira akumayendetsa chala pamwamba pa chitseko osapeza fumbi? Ndili moyo ayi.

Ndinaitana anzanga a kwaya. Tinakolopa, tinatsuka makoma, tinachapa makatani, tikuimba. Matilesi ndinapatsa mlonda wa pa sitolo, wayanika ndipo akuti sanagonepo bwino chotere. Kapeti tinaidula, mbali yabwino ili pakhomo yopukutira mapazi. Chigiza chija chinali gone pabwalo ngati galimoto yakufa, anthu odutsa akumasuzumira. Ogula zitsulo atadutsa ndinati tengani, musandipatse kanthu, ingochotsani.

Mlongo wako anayamba wakana, ati kaya chani kaya chani, tidikire kaye. Ndinamufunsa kuti kodi ndinabereka mpenti kuti azikongoletsa mashopu a anthu, nyumba ya mayi ake ili mawanga ngati nkhanga? Anakwera makwerero. Anakhoma bolodi latsopano pa dzenje paja, n'kupaka penti kawiri nyumba yonse. Ankafuna kujambula zithunzi tisanayambe, ndinamuletsa. Nyumba ili maliseche sajambula.

Mlendo anafika Lachinayi. Munthu waulemu, wamtali, wa tochi ndi tepi yoyezera. Anavula nsapato pakhomo osauzidwa, ndinadziwiratu kuti analeredwa. Ndinamupatsa tiyi m'makapu amaluwa aja unatumiza. Anandifunsa kuti, "Madzi analowa pati, amayi?" Ndinati, "Aa, timadzi tochepa bambo, musavutike nato, imwani tiyi asanazizire." Munthu sumayala mavuto ako pamaso pa mlendo, ndinakuphunzitsa zimenezi uli wamng'ono.

Anaunika siling'i ndi tochi yake, anagwira makoma, anasuzumira kuseri kwa mipando. Kenako anati, "Mwa nyumba zonse ndayenda chaka chino, iyi ndiye yaukhondo." Mwana wanga, mawu amenewa ndinagona nawo tulo tabwino. Analemba zambiri m'buku lake. Ndikuona atipatsa zochuluka, chifukwa anachoka ali wokondwa.

Pobwera Ogasiti undigulire magalasi ndi nsapato zopanda chidendene. Mashiti a bedi lako ndasita kale.

Ndine mayi ako

2 Epulo

Achemwali,

Moni wa m'mawa, wa masana, kapena wa nthawi imene kalatayi ikupezeni, poti makalata athu amayenda ngati akudwala mwendo. Muli bwanji? Kuno tilipo.

Yanu yoti tisakhudze kanthu inafika penti itauma kalekale. Ndinaiwerenga nditaima pansi pa siling'i yowala ngati mano a mwana. Ndinaiwerenganso. Madzi akatayika saoleka, makamaka akakolopedwa ndi amayi a kwaya.

A inshuwalansi akana. Alemba kuti woyendera wawo sanapeze chizindikiro choti m'nyumbamo munalowa madzi, ndiponso kuti wokhalamo ananena yekha kuti anali ochepa. Ndinavala jekete n'kupita ku ofesi kwawo. Mayi wa pakauntala anandifunsa zithunzi. Ndinati palibe. Giza? Ndinati pano mwina ndi mapoto. Matilesi? Ndinati akugonapo mlonda. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, "Ndiye bambo mukufuna tilipire chiyani, ukhondo?" Anthu pabenchi anaseka, mpaka mkulu wina amene nyumba yake inapsa anaseka nawo.

Ndinakalipa. Ndinati achemwali anga amalipira mwezi ndi mwezi osaphonya, potenga simufuna zithunzi, zithunzi mumazifuna popereka basi? Ndinamenya kauntala, mlonda wa pa ofesipo anayandikira. Pomaliza mayi uja anati ndikhoza kuchita apilo, ndipo munthu wa tochi uja adzabweranso.

Choipa n'chakuti penti yabisa matenda, sinachiritse. Ndinakweza wamagetsi m'siling'i. Akuti mawaya anyowa ndipo ena asupuka, matabwa ayamba chuku, mabolodi akale alemera ndi madzi moti tsiku lina adzagwa okha, ndipo pansi pake ndi pamene pali bedi la Amayi. Atatchula mtengo wokonzera ndinatsika makwerero ndikuwerengera pa zala. Ndi tikiti yanu yonse, Achemwali, mwina n'kuonjezerapo sutikesi.

Amayi akuti munthu uja ndi wosayamika, anamwa makapu awiri a tiyi wawo.

Koma musataye mtima, mlongo wanu sagona. Chimene penti inabisa, penti ikhoza kuulula. Ine ndinajambula tambala pakhoma la shopu ya zakudya za nkhuku mpaka galu wa eni ake anamuuwa. Mawanga a madzi angandikanike? Ndikukumbuka pamene banga lililonse linali. Sindikunama ayi, ndikungobweza zoona pamalo pake. Tumizani kangachepe ka penti yachikasu ndi yofiirira, ndi kabotolo ka vanishi.

Mlongo wanu amene akuombolani,
Bulashi

14 Epulo

Iwe Bulashi,

Moni ndikupatsa chifukwa ndinaleredwa, koma mtima wanga suli pa moni. Amayi ali bwanji? Uwachotse pansi pa siling'i imeneyo lero lomwe.

Wapenga? Mutu wako unanyowa limodzi ndi matilesi? Pano tili ndi mlandu woti tinakolopa msanga, umenewo ndi uchitsiru chabe, ndipo uchitsiru samangira munthu. Ukajambula mawanga ndiye tasanduka akuba. Anthu amenewa ntchito yawo ndi yogwira anthu ngati iwe, amadya pamenepo.

Chita izi. Pita kwa wokonza mapaipi alembe kuti anatsitsa giza yophulika. Wamagetsi alembe zimene anaona. Amayi a kwaya akhale mboni, poti pakamwa ali napo. Munthuyo akabwera usamuonetse pabalaza, mukweze m'siling'i aone matabwa ndi mawaya ndi tochi yakeyo. Zoona zili m'mwambamo, sizikufuna bulashi.

Ndalama ya penti sinditumiza, ngakhale ya kachitini kakang'ono. Ukangokhudza siling'i imeneyo ndidzakudula makutu, ndipo ukudziwa kuti ndinayesapo uli mwana. Ndikupempha, mlongo wanga, ndagwada. Usandidyere ulendo wanga.

Mlongo wako

28 Epulo

Alamu,

Ndine mkazi wa mlongo wanu. Muli bwanji kumeneko? Ife tili bwino m'thupi. Amuna anga akuti sangathe kulemba chifukwa dzanja likupweteka, koma chimene chikupweteka ndi china. Kalata yanu yowaletsa inafika dzulo, monga mwa nthawi zonse, ngati ozimitsa moto ofika pa phulusa.

Ndikufotokozereni mwadongosolo, poti ndinalipo. Penti anakongola ku sitolo. Amayi tinawatengera kwathu, tinawanamiza kuti m'nyumba mukupoperedwa mankhwala a mphemvu. Ananyansidwa, ati nyumba yawo mphemvu sinapondemo, koma anabwera.

Alamu, ndinakwatiwa ndi munthu ameneyu kalekale koma sindinamuonepo akugwira ntchito chotere. Kudya ankaiwala. Anasakaniza penti ndi masamba a tiyi. Anajambula banga lalikulu pakati pa siling'i, m'mbali mwake mofiirira, m'kati mwachikasu. Anatsitsa mizere m'makoma ngati madzi akuyenderera. Chuku cha m'makona anachita kudontheza ndi mswachi, mswachi wanga. Pomaliza anapaka vanishi kuti pazioneka ponyowa. Ine ndemwe, wodziwa zonse, nditalowa ndinathamangira beseni n'kuika pansi pake.

Tsiku la mlendo Amayi anatizemba m'mawa n'kubwerera kunyumba. Tinawapeza atamangirira chisanza ku ndodo, akwera pampando, akufuna kuyamba kupukuta. Tinachita kuwatsitsa awiri. Ndinawakhazika kukhitchini n'kuwauza zoona zonse. Anangoti, "Mwandipha ana inu," n'kukana kutuluka. Koma galimoto itaima panja anaika madzi pamoto, ati wabodza kapena woona, mlendo ndi mlendo.

Bambo wa tochi uja analowa, anavula nsapato, anayang'ana kumwamba. Anayang'ana nthawi yaitali. Anapempha makwerero, anakwera, anagwira banga lija, ananunkhiza chala. Anatsika bwinobwino n'kukhala pampando, n'kumwa tiyi. Amuna anga ali chiimire pambali, nkhope ya maliro, manja kumbuyo chifukwa m'zikhadabo munali penti.

Kenako bambo uja anati, "Pa ntchito yangayi ndaona zambiri. Ena amawaza khofi, ena madzi a matope, umazindikira uli pageti. Koma izi ndi zina. Amene anapanga izi si mpenti wamba wa m'misika muno. Amenewo sangathe, amangodziwa kulemba TIMAWOTCHERERA ZITSULO, chilembo chomaliza n'kusowa malo."

Ndinaona khosi la amuna anga likutupa. Ndinawaponda phazi.

Bambo uja anaunikanso n'kupitiriza. "Taonani m'mbali umu momwe mtundu ukuzimiririka pang'onopang'ono. Ayi, uyu munachita kumuitanitsa kutali. Uyu ndi wa ku koleji."

Amuna anga ndinawatsina pamsana, Alamu, ndinatsina mpaka chala kupweteka. Sizinathandize.

"Koleji yake iti?" anatero amuna anga. "Ndine! Manja awa! Ndipo m'mbalimo si bulashi ayi, ndi siponji, a ku koleji anuwo sangaganize zimenezo!" Asanatseke pakamwa anali atatulutsa kale kakhadi ka shopu m'thumba n'kumupatsa munthuyo, monga amachitira ndi aliyense woyamikira chikwangwani.

Kukhitchini ndinamva Amayi akuti, "Ambuye, mwana uyu ndinamutola kuti?"

Amuna anga atazindikira anayamba kugwada, ati bwana kwerani m'siling'i muone zenizeni. Bamboyo anakwera ndithu. Anatsika ndi chuku pa malaya. Anati, "Matabwa ndi onyowadi, mawaya ndi oopsa. Mukanandikweza muno ulendo woyamba uja, bwenzi pano mukukonza. Koma tsopano ndiyenera kulemba zimene ndapeza pansipa, ndipo kampani ikaona mawu oti chinyengo siwerenganso zina." Anati salipira, ndipo mgwirizano wonse authetsa. Anangotilonjeza kuti alemba mofatsa kuti nkhani isafike kupolisi.

Akuvala nsapato pakhomo anatulutsa kakhadi kaja, n'kufunsa amuna anga kuti chikwangwani cha saluni amalemba ndalama zingati, poti akazi awo akutsegula saluni. Ndipo mlongo wanu, m'malo mochita manyazi, anafunsa kuti, "Cha mitundu ingati?"

Ine ndaseka mpaka nthiti kuwawa, sindinama. Koma Amayi sakuseka. Madzulo ake anandifunsa kuti, "Ndiye kuti mwana uja sabwera?" Akumakhala m'chipinda chanu chija, pamphepete pa bedi, manja pamiyendo. Alembereni, ife mawu atithera.

Ndine mlamu wanu

9 Meyi

Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino m'thupi. Ine ndili bwino, ntchito ikuyenda. Mlamu wanga wandilembera zonse, ndipo a inshuwalansi nawonso anditumizira kalata yawo, yaifupi, yaulemu, yothetsa zonse.

Ndinayamba ndaseka, chifukwa nkhani ya kakhadi ija ndani sangaseke. Agogo amene ndinkawadyetsa anandifunsa kuti chasangalatsa n'chiyani. Kenako ndinapita kuchimbudzi cha antchito n'kukalira mpaka mnzanga anagogoda.

Ndaganiza, Amayi. Sindingagone kuno ndikudziwa kuti pamwamba pa mutu wanu pali mabolodi olemera ndi mawaya osupuka. Mwezi uno ukatha nditumiza ndalama za tikiti zija. Wamagetsi asinthe mawaya, kalipentala akhome siling'i yatsopano, giza ina igulidwe, ndi matilesi. Ndalama zidzafikira kwa mlamu wanga, osati kwa Bulashi. Ogasiti sindibwera. Tiona chaka chamawa, Mulungu akalola ndipo msana ukapirira.

Ndikwiye ndi ndani? Bulashi ndi Bulashi, anabadwa choncho. A inshuwalansi ndi mmene alili, potenga dzanja lalitali, popereka lalifupi. Koma inu Amayi, ndikuuzeni mwaulemu, zandiwawa. Munakonzera nyumba munthu wachilendo amene anakhala pampando wanu ola limodzi, ndipo pokonzapo mwanditsekera ine njira. Ndinkawerenga miyezi. Nsapato zanu ndinagula kale, zili pansi pa bedi langa, ndizitumiza pa positi limodzi ndi magalasi.

Musakhumudwe ndi mawu angawa. Ndikanapanda kukusowani sindikanalemba chonchi.

Ndine mwana wanu

21 Meyi

Mwana wanga wachisamba,

Kalata iyi ndaitumiza pa amtengatenga achangu aja, kuti ikupeze mwezi usanathe. Walipira ndi mlongo wako, kuchokera pa chikwangwani cha saluni. Anthu akuti ndi chokongola, mkazi wojambulidwapo tsitsi lake likuchita ngati ligwedezeka. Uli bwanji? Kulira kuchimbudzi usiye, kumeneko n'kwa majeremusi.

Mawu ako ndawamva, ndipo andilasa pamene unalozapo. Kupepesa chifukwa chokolopa sindipepesa, ukanakhala iwe ukanakolopanso, ndiwe mwana wanga. Koma ndalama za tikiti usatumize. Ukatumiza ndizibweza, ndipo a ku banki adyapo kawiri, ndiye uganize bwino.

Ukuti sungagone chifukwa cha mabolodi ali pamwamba pa mutu wanga. Palibenso mabolodi. Lolemba ndinaitana mlongo wako ndi wamagetsi, ndinati gwetsani. Mlongo wako anati, "Amayi, yonse?" Ndinati yonse, kuyambira kuchipinda kwanga mpaka pabalaza. Anayang'ana banga lake lija ngati akutsazika m'bale. Anapempha kuti adule kachidutswa akapachike ku shopu, ndinamulola, akazionere yekha uchitsiru wake tsiku ndi tsiku.

Inagwa ndi fumbi, ndi chuku, ndi zisa za makoswe zimene sindinkadziwa kuti ndikusunga. Wamagetsi wadula mawaya onse a mbali imeneyo, akuti tsopano palibe chingayake. Magetsi atsala kukhitchini ndi kuchipinda kwako. Matabwa akuti auma okha poti mphepo ikudutsa. Malata ndi abwinobwino, sadontha. Madzi osamba ndikutenthetsa m'ketulo monga ndinkachitira ndisanakhale bwana. Ndikugona pa kamatilesi kakang'ono ka mlamu wako.

Nyumba ikuoneka moipa, sindikubisira. Ukakhala pabalaza n'kuyang'ana kumwamba ukuona matabwa akuda, misomali ndi malata, ngati m'galaja. Makoma akadali ndi mizere ya mlongo wako, vanishi wakana kuchoka. Lachitatu anzanga a kwaya anabwera kudzandiona. Ndinawaona pawindo akulowa pageti, mtima unati uthawire kuseri, tseka chitseko, unene kuti ukudwala. Ndinatsegula. Anakhala pansi, maso onse kumwamba. Mmodzi, ukumudziwa wa mawu okwera uja, anati, "Kodi mukumanga kapena mukugumula?" Ndinati ndikudikira mwana. Ndinawapatsa tiyi m'makapu amaluwa, kachidutswa ka chuku kanagwera m'kapu ya wa mawu okwerayo, anakavuula ndi supuni n'kupitiriza kumwa. Sindinafe, mwana wanga. Ndinadabwa ndekha.

Siling'i idzakhomedwa chaka china, kapena isakhomedwe. Bolodi silikalamba ngati munthu, lidzakudikira ku sitolo. Ine ndiye sindikudziwa kuti ndidikira mpaka liti, miyendo yayamba kundiuza zina.

Nsapato usatumize pa positi, ubwere nazo wekha, undiveke ndiwe. Gula tikiti. Sindikukonzera nyumba, sindichapa makatani, udzaipeza mmene ililimu, poti iwe si mlendo. Usiku woyamba sudzagona kuchipinda kwako kwa magetsi ayi, udzagona kwanga, tidzayang'ane malata limodzi undiuze zonse za kumeneko.

Ubwere ndi bulangete lalikulu lokwana awiri. Popanda siling'i m'nyumba muno mukuzizira.

Ndine mayi ako